Wailesi imene onse akuifunsa koma pamsika palibe

Thonje likangoyamba kugulidwa ku Chinguluwe, m'boma la Salima, ogulitsa mawailesi ndi masipika amadziwa kuti nyengo yawo yakwana. Mlimi akalandira ndalama amayamba wabweza ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera, kenaka amaganiza za malata, njinga kapena foni, ndipo pamndandandawo sipalephera kukhala choyimba cha pakhomo. Nkhani imavuta akafika pabenchi n'kuyamba kufotokoza chimene akufuna.

"Achimwene, ndikufuna yolira mwamphamvu, yoti anthu n'kuvina pabwalo. Ikhale ya sola chifukwa kwathu kulibe magetsi. Batire lake lizichezera, osati kuthima anthu asanadye nsima yamadzulo. Izigwira MBC, Zodiak ndi Chisomo bwinobwino, izilowa memore, ndipo ikaonongeka izikonzedwa konkuno. Koma mtengo musandiphe nawo."

Ambiri a ife timangoti, "Ilipo bwana," n'kutsitsa katoni yonyezimira yolembedwa manambala akuluakulu. Sabata ziwiri zisanathe bwana uja watulukira, sipika ili pakaliyala, nkhope itasintha. Mukabweza ndalama, mpamba wachepa. Mukakana, mwataya kasitomala pamodzi ndi abale ake, a mpingo wake ndi mudzi wonse, pakuti kumudzi mbiri imathamanga kuposa kabaza.

Zoona zake n'zakuti chida chimene bamboyu akufotokoza, chokhala ndi zonsezi m'bokosi limodzi pamtengo woti mlimi angaufikire, sichidafikebe pamisika yathu. Pa Kamuzu Road mupeza chokhala ndi ziwiri kapena zitatu mwa zinthuzi, ku Malangalanga ku Lilongwe chimodzimodzi, ndipo ngakhale opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam amabwerako ndi zoperewera pena. Sabata ino tikambirane chifukwa chake, komanso mmene wamalonda angapezere phindu pa khumbo la anthuli popanda kunamiza munthu.

Zidapangidwira nyumba zina

Masipika ambiri amene timaoda adapangidwira munthu wokhala m'nyumba ya magetsi. Wopangayo amaganiza kuti batire likatha mwiniwake angolowetsa pasoketi, ndipo chidacho chikafa agula china. N'chifukwa chake batire amaika laling'ono, n'kulimatira m'kati moti simungalichotse osaswa bokosi.

Kwathu kuno zinthu sizili choncho. Kalembera wa 2018 adapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, pomwe oposa theka ankadalira matochi ndi nyali za mabatire. Ku Salima komweko, ku Nanjoka, kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 amene adayamba kugwira ntchito mu 2021, koma mphamvuyo imalowa m'mawaya a ESCOM kupita dziko lonse, ndipo makomo ambiri a m'midzi sadalumikizidwe. Olumikizidwawo nawonso amadziwa kuthimathima kwa magetsi, komanso mmene zida zimapsera magetsiwo akabwera modzidzimutsa.

Onjezanipo kutentha kwa m'mbali mwa nyanja mu Okutobala ndi Novembala, fumbi la m'chilimwe, chinyontho cha m'dzinja, nyerere ndi mphemvu zokonda kumanga m'kati mwa zida zofunda. Chida chopangidwira pabalaza pa m'tauni chikafika ku Chinguluwe chimakhala ngati nsapato za kuofesi zolimira m'munda.

Masamu amene katoni sinena

Wamalonda wa zoyimba ayenera kudziwa masamu ochepa awa, chifukwa ndiwo amasiyanitsa wogulitsa ndi wongopatsira katundu.

Phokoso limadya mphamvu. Tiyerekeze kuti sipika yoti n'kumveka pabwalo la khomo ikudya mawati 10. Ikalira maola 8, kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, yadya 10 kuchulukitsa ndi 8, ndiwo 80. Nambala imeneyi muisunge, ndiyo chakudya cha usiku umodzi.

Tsopano tsegulani sipika yotchajidwa. M'kati mumapezeka batire lobulungira, lalitali ngati chala, lotchedwa 18650. Labwino, la 2,500mAh, limasunga pafupifupi 9 pamuyeso womwe uja. Kuti mufike pa 80 mufunika mabatire otere 9. Masipika ambiri otsika mtengo amakhala ndi limodzi kapena awiri. Ndiye musadabwe kuti mukakweza voliyumu mpaka kumapeto imalira ola limodzi kapena awiri n'kukhala chete. Sikuti yalodzedwa, chakudya chake chatha basi.

Nanga kapanelo ka sola kamene amamata kumsana kwa wailesi? Kakakhala kofanana ndi chikhatho, kamatulutsa pafupifupi theka la wati imodzi padzuwa lowala bwino. Dzuwa lamphamvu lotere limakhalapo maola ngati 5 patsiku, choncho kapaneloko kamasonkhanitsa 2 ndi theka basi. Kawailesi kakang'ono komvera nkhani ndi mpira motsitsa, zimenezi zikhoza kukasunga maola angapo. Koma kuti kadzaze 80 uja pafunika mwezi wathunthu. Choipanso n'chakuti wailesi yonse imayenera kukhala padzuwa, batire lili m'katimo likuwotcheka, ndipo kutentha ndi mdani wamkulu wa mabatire a mtundu umenewu. Panelo yoti n'kudzaza chakudya cha usiku umodzi iyenera kukhala ya mawati 20 mpaka 30, kukula kwake ngati lichero kapena kuposa. Chinthu chotere sichingamatidwe kumsana kwa wailesi, malo ake ndi padenga.

Chachitatu ndi manambala a mawati. Mukaona katoni yalembedwa 2,000W kapena 5,000W, yang'anani pafupi ngati pali zilembo zoti PMPO. Muyeso umenewu ulibe lamulo lenileni, wopanga aliyense amalemba nambala imene yamukomera. Muyeso woti n'kuukhulupirira ndi wa RMS, ndipo nthawi zambiri umakhala wochepa kwambiri. Ngati sadalembe, tembenuzani chidacho muone kumbuyo kapena patchaja yake. Pakalembedwa 12V 2A, chulukitsani: ndi mawati 24 amene akulowa. Chida sichingatulutse mphamvu yoposa imene chalandira, monga thumba la makilogalamu 50 silingatulutse ufa wa makilogalamu 500.

Chachinayi ndi kagwiridwe ka masiteshoni. Masipika ambiri a Bluetooth amalembedwa kuti ali ndi FM, koma alibe eriyo yeniyeni, ena amadalira waya wa tchaja kuti ndiye eriyo. Timagetsi tamitundumitundu tothwanima kutsogolo tija, kuphatikiza pa kudya batire, nthawi zina timalowetsa phokoso m'mawu a siteshoni. Patauni, pafupi ndi nsanja youlutsira mawu, vutoli silimveka. Kasitomala akafika kumudzi amangomva kuti waaa.

Mukaphatikiza zonsezi, mabatire 9 enieni, panelo yaikulu, chotetezera batire kuti lisapse, eriyo yabwino ndi bokosi lolimba lotsekulika ndi masikuluwu, mtengo wake umachoka m'manja mwa munthu amene akuchifunayo. Ndipo popeza zonsezi zimachokera kunja, mtengo umatsata dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola idachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Chinthu cha madola 10 chidachoka pa K11,800 kufika pa K17,000, msonkho ndi thiransipoti tisanawerengere. Ndalama zakunja zikamasowa, woitanitsa katundu amasankha zotchipa zotuluka msanga, osati zolimba zokhalitsa pashelefu.

Zidachitikapo kale

Aka si koyamba kuti anthu a kuno afune wailesi imene kulibe akuipanga. M'zaka za m'ma 1940, siteshoni ya ku Lusaka idayamba kuulutsa mawu m'zilankhulo za kuno, kuphatikizapo Chinyanja, ndipo inkamveka mpaka ku Nyasaland. Koma mawailesi a nthawiyo adali odula ndiponso ofuna magetsi, moti anthu wamba ankamvera pamalo osonkhana basi. Mkulu woona zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, adayendera makampani kwa zaka zingapo kufunafuna woti apange wailesi yotchipa, ya batire, yopirira kutentha ndi tizilombo. Ambiri adakana poganiza kuti palibe angagule.

Pomaliza kampani ya Ever Ready ya ku Britain idavomera, ndipo mu 1949 padatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special. Dzinali lidabwera chifukwa bokosi lake lidali lachitsulo, lozungulira ngati sefuliya yopanda chogwirira. Idapakidwa penti wabuluu, mabowo ake adatchingidwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowe, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire padera. Idayenda malonda mpaka amene ankakana aja adachita manyazi.

Ufulu utabwera, akuluakulu akukumbukira wailesi ya Nzeru imene inkalumikizidwa ku Blantyre konkuno, ndipo idalowa m'makomo ambiri. Kenaka vuto lidakhala mtengo wa mabatire. Mu 1991 Mngelezi wina, Trevor Baylis, ataonera pulogalamu ya pa TV yonena za kufala kwa Edzi mu Africa, adapanga wailesi yopukusa ndi dzanja, yosafuna batire, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1990 idayamba kupangidwa mochuluka ku Cape Town.

Phunziro lake ndi ili: chida chosowa chimafika pamene wina watsimikizira opanga kuti ogula alipo. Koma chimatenga zaka, ndipo inu lendi ya hokala ikufunika mwezi uno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyeni tione chimene chili m'manja.

Gulitsani ntchito, osati katoni

Popeza bokosi limodzi lochita zonse kulibe, funso loyamba kwa kasitomala lisakhale loti ali ndi zingati. Mufunseni kuti, "Bambo, mukufuna muziigwiritsa ntchito yanji, kangati pasabata, ndipo mumatchaja kuti?" Mayankho ake amagwera m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la omvera nkhani, maliro, mitengo ya mbewu, maulaliki ndi mpira. Awa safuna phokoso. Apatseni wailesi yaing'ono yokhala ndi eriyo yosolola, polowetsa memore ndi batire lochotseka. Sankhani zogwiritsa ntchito batire la 18650 lokhala m'kachitseko, kapena la BL-5C, lija linkalowa m'mafoni akale a Nokia, chifukwa awa amapezeka mosavuta. Batire likatopa pakatha chaka, kasitomala sataya wailesi, amabwera kwa inu kudzagula lina. Mwagulitsa kamodzi koma mudya kangapo. Asodzi a ku Senga Bay ndi alimi ochezera m'minda ya mpunga ku Lifuwu amakonda zokhala ndi tochi ndi chingwe chokolekera, ndipo muziwakumbutsa kuti aziika m'jumbo akakhala pamadzi.

Gulu lachiwiri ndi la ofuna nyimbo pakhomo madzulo alionse. Apa gulitsani zinthu zinayi pamodzi: sabuufa yolandira magetsi a 12V mwachindunji, imene pakatoni imalembedwa AC/DC; batire la sola la 12V; panelo ya mawati 20 mpaka 30; ndi kabokosi kowongolera tchaji, kamene amisiri amati kontirola. Batire la 20Ah limasunga 240 pamuyeso wathu uja, koma la mtundu wa asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Ndiye zogwiritsa ntchito ndi 120, zokwanira usiku umodzi wa nyimbo ndi babu limodzi. Kabatire ka 7Ah kamasunga 84, theka lake 42, choncho musalonjeze kuti kachezera. Batire lagalimoto kapena la njinga yamoto lidapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, osati kukhetsedwa pang'onopang'ono usiku wonse, n'chifukwa chake limatopa miyezi yochepa.

Ambiri amakana kontirola poti ndi ndalama yowonjezera, n'kulumikiza panelo kubatire mwachindunji. Auzeni mosabisa kuti kupulumutsa ndalama ya kontirola n'kugula batire kawiri. Inveta nayo musaikakamize pomwe sikufunika. Imadya gawo la mphamvu posintha magetsi, ndipo zotchipa zimalowetsa kulira kwa njuchi m'masipika.

Makampani a sola yolipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, monga Yellow ndi Zuwa Energy, adalowa kale m'midzi, ndipo zida zina zotere zimabwera ndi kawailesi. Musawaone ngati adani. Khomo lokhala ndi sola yotere lili ndi potchajira pa USB, ndiye kuti ndi msika wa masipika ang'onoang'ono, mawaya ndi mamemore. Kungoti musalumikize sabuufa yaikulu kuchida chawocho, chifukwa sichidapangidwire katundu wolemera choncho ndipo mwiniwake angataye chitsimikizo chimene adapatsidwa.

Gulu lachitatu ndi la ukwati, chinkhoswe, msonkhano wa mpingo kapena wa kumzikiti. Munthu amene akufuna phokoso lalikulu kawiri pachaka asagule, achite hayala. Ngati mpamba ukulola, inuyo khalani ndi seti imodzi yolimba yobwereketsa, pakati pa Juni ndi Novembala pamene zisangalalo zimachuluka. Muzipita nayo nokha kapena mutumize mnyamata wodziwa, chifukwa masipika ambiri amapsa pamene woledzera wagwira voliyumu.

Gwirizanani ndi mmisiri

Chida choyandikira kwambiri loto la bambo uja sichichokera kufakitale, chimapangidwa ndi amisiri athu. Kalipentala amakhoma bokosi lamatabwa, wokonza mawailesi amaikamo sipika yagalimoto kapena yochotsa m'wailesi yakufa, kabolodi ka amplifaya ya 12V, ndi kachida kotchipa kokhala ndi Bluetooth, FM ndi polowetsa fulashi. Zonsezi zimagulitsidwa pazokhapazokha m'mashopu a zamagetsi ku Lilongwe ndi ku Limbe. Ubwino wake ndi woti chikafa chimodzi mumasintha chomwecho.

Wamalonda wanzeru aziodako tizipangizo timeneti pamodzi ndi mafyuzi, masoketi otchajira ndi mawaya, n'kupangana ndi mmisiri mmodzi wodalirika za mtengo wa ntchito. Mukakamire zinthu zitatu: fyuzi pawaya wochokera kubatire, chizindikiro chooneka bwino cha waya wofiira ndi wakuda, ndi sefa pamabowo onse opumira. Zida zambiri za 12V zimapsa chifukwa mwana watembenuza mawaya mumdima. Eriyo ikhale ya waya wotalika masentimita 75, woti n'kuukweza pamtengo kapena patsindwi, ndipo mudzaona masiteshoni amene ankasowa akutulukira.

Pokaoda

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musalole kutenga katoni yomata. Yesani chida chilichonse pamaso pa wogulitsa, ngakhale mzere utatalika.

Tengani memore yanu ya nyimbo zimene mukuzidziwa bwino, ina ya besi wamphamvu, ina ya kwaya, ina ya munthu akulankhula. Kwezani voliyumu kufika magawo atatu a magawo anayi. Mawu akayamba kusweka kapena bokosi kunjenjemera ngati lata, isiyeni. Zimitsani timagetsi tothwanima muone ngati pali batani lake. Sakani siteshoni ya FM muli m'kati mwa shopu, chifukwa yolephera ku Lilongwe singachite bwino ku Chinguluwe.

Gwedezani potchajira. Soketi yogwedera ndiyo imabweza katundu wambiri kuposa china chilichonse. Ya USB-C imapirira kuposa yakale yopyapyala ija, ndipo siivuta kulowetsa mumdima chifukwa ilibe kumutu kapena kumiyendo.

Mabatire a 18650 muziwayeza pasikelo. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, ndipo abwino kwambiri amathera cha pa 3,500mAh. Mukaona lolembedwa 8,800 kapena 9,900mAh koma lopepuka ngati bango, dziwani kuti nambalayo ndi yabodza. Lotupa, lochita dzimbiri kapena long'ambika chikutiro musalitenge ngakhale mwaulere, ndipo musasunge mabatirewa m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, chifukwa akagundana ndi chitsulo amayaka moto wovuta kuzima.

Mamemore nawo alipo achinyengo, olembedwa 32GB koma olowa nyimbo zochepa, zotsalazo n'kumasowa. Gulani imodzi kaye, muidzaze mpaka pakamwa, muone ngati nyimbo zomalizira zikulira.

Pomaliza funsani lisiti lolembedwa mtundu wa chida ndi masiku amene mungabweze. Wopikulitsa wokana kulemba akukuuzani kale mmene katundu wake alili. Safunsa adadya phula.

Kuika mtengo

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a tsiku limene mwaoda. Mwagula masipika 10 pa K30,000 iliyonse, ndiye K300,000. Basi yopita ku Lilongwe ndi kubwerera, kulipirira katundu, kabaza ndi chakudya zakwana K40,000. Zonse pamodzi K340,000. Pa khumiwo, imodzi yafa kapena yabwezedwa. Ndiye kuti ndalamayo iyenera kuchokera pa masipika 9, ndipo iliyonse yakudyerani pafupifupi K37,800.

Amene amawerengera mtengo wa pashopu wokha amagulitsa pa K36,000 n'kumasangalala kuti akupha K6,000 pa iliyonse. Akatha onse 9 ali ndi K324,000, waluza K16,000 osadziwa. Mukagulitsa pa K45,000 mupeza K405,000, phindu looneka K65,000. Koma mukabwerera kukaoda n'kupeza kuti mtengo wafika pa K33,000, mufunika K370,000 kuti mudzazenso benchi. Phindu lenileni loti n'kudya ndi K35,000. Nthawi ino imene mitengo ikusintha pafupipafupi, imbani foni kwa wopikulitsa musanagulitse zomalizira, ndipo mtengo wanu uzitsata wa mawa, osati wa dzulo.

Nyengo nayo muziiyang'ana. Katundu wodula mubweretse pamene thonje, mpunga ndi mtedza zikugulidwa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndalama zili kufeteleza ndi chimanga, choncho sungani tinthu totuluka tsiku ndi tsiku: matchaja, mawaya, mabatire, mahedifoni. Sipika yotchajidwa ikagona pashelefu miyezi yambiri batire lake limafooka, ndiye muziitchajako mwezi ndi mwezi ndipo isakhale padzuwa pabenchi tsiku lonse. Yoonetsera ikhale imodzi, zinazo pamthunzi.

Za ngongole, katundu wamagetsi ngoopsa kukongoza, chifukwa akafa wokongolayo amaleka kulipira. Njira yabwino ndi yoti kasitomala azipereka pang'onopang'ono katundu ali kwa inu, mukulemberana m'kope, adzatenge akamaliza.

Malamulo awiri oti muwadziwe

Loyamba, chikwangwani choti "katundu akagulidwa sabwezedwa" sichikutetezani. Bungwe la CFTC, loona kuti malonda azichitika mwachilungamo, lakhala likuchenjeza kuti mawu otere ndi osemphana ndi lamulo, ndipo wogula ali ndi ufulu wodandaula akagulitsidwa chinthu choonongeka kapena akanamizidwa. M'malo mwa chikwangwanicho, yesani chida pamodzi ndi kasitomala, lembani tsiku ndi nambala yake palisiti, ndipo mugwirizane poyera zimene mungakonze kapena kusintha ndi zimene ndi vuto la mwini, monga kugwetsera m'madzi kapena kutembenuza mawaya.

Lachiwiri, kuika nyimbo m'mamemore n'kumagulitsa, kapena kuimba nyimbo pamalo a malonda ndi pazisangalalo zolipiritsa, kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oyimba ndi aluso ena. Kafunseni za chiphasocho musanayambe, kusiyana n'kudzalandidwa kompyuta pa tsiku la msika.

Kope la zosowa

Chomaliza n'chosafuna mpamba. Gulani kope kapena tengani lotsala la mwana wasukulu, ndipo aliyense wofunsa chinthu chimene mulibe mumulembe: akufuna chiyani, cha ntchito yanji, angalipire zingati. Dzina silofunika. Pakatha miyezi itatu mudzaona kuti zofunsidwazo si zambirimbiri, ndi zitatu kapena zinayi zomwezomwezo. Pitani nalo kopelo kwa wopikulitsa. Munthu mmodzi wonena kuti "anthu akufuna ya batire lochotseka" samveka, koma mavenda khumi a ku Chinguluwe, Kamuzu Road, Khombedza ndi Chipoka akanena chimodzimodzi, ndi manambala m'manja, woitanitsa katundu amayamba kufunsa kumene amagulako. Iyenso akufuna katundu wosagona.

Zizindikiro zilipo kuti zinthu zikusuntha. Mapanelo a sola atsika mtengo kwambiri padziko lonse poyerekeza ndi zaka 15 zapitazo, ndipo mabatire a mtundu wa LiFePO4, amene amapirira kutentha ndi kutchajidwa maulendo masauzande, ayamba kuoneka m'zida za sola. Tsiku lina bokosi limene bambo wa ku Chinguluwe akulilota lidzafika pabenchi. Likadzafika, adzakaligula kwa amene adamuuza zoona pamene lidali lisanabwere.

Ndiye akabweranso sabata yamawa ndi mndandanda wake uja, musathamangire kunena kuti ilipo. Mpatseni mpando, mumuuze kuti, "Bambo, yochita zonsezo sinabwere, koma tandiuzani chimene chili chachikulu kwa inu, tiyambire pamenepo."